Dzanja Lamanja la a Macheka

Nyumba yanga ili pakati pa mtsetse. Ukakhala pakhonde, pamene pamakhala makina anga osokera, umauona msewu wonse. Kumtunda umazungulira phiri mwaulesi, mosatsika kwenikweni, koma ukafika pa thanki ya madzi umagwa chamutu, kudutsa pakhomo panga, mpaka kukakhota mwadzidzidzi pa mlatho wa matabwa. Pansi pa mlathowo pali phompho la miyala. M'zaka zimene ndakhala pano ndamvapo kulira kochokera kumeneko, ndipo si kulira koiwalika. Wogulitsa makala wina tinachita kukamutola m'bulangete. N'chifukwa chake ine ndikamva njinga ikutsika, phazi limaima lokha pa makina, n'kudikira kufikira matabwa a mlatho atagunda kuti munthu wawoloka.

Mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga wamng'ono, ankakhala kumtunda kuseri kwa phirilo, ndipo mtsetsewu ankautsika m'mawa uliwonse. Anthu ankawatchula kuti a Macheka, poti anakulira pa makina ochekera matabwa. Kanjira kopita kumakinako kamapatukira kumanja kwa munthu wotsika, kumunsi pang'ono kwa nyumba yanga, n'kukwera kachitunda. Ukapitirira mphambano imeneyo pali pholo la magetsi lopakidwa laimu, kenako mlatho. A Macheka anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wonunkhira utuchi ndi girisi, wosachedwa kuseka koma wouma pakamwa pa zake za mumtima.

Njinga yawo anaipeza ili kale yogwirapo ntchito, imodzi mwa zija zokwerera mapiri, za matayala onenepa ndi magiya ambiri. Inali yachitsulo chenicheni, yolemera ngati ng'ombe yofooka. Penti wake anali wobiriwira kale, koma pofika masiku amene ndikunenawa anali atasanduka mtundu wa madzi a m'chithaphwi. Belu lake linali long'aluka, silinkalira ngati mabelu ena, linkachita ngati kukhosomola. Loweruka lililonse ankakumana ndi anzawo a njinga zakale ngati yawoyo pansi pa mtengo wa pamphambano: wokonza mawotchi, dalaivala wina wopuma ntchito, ndi mkulu wa kubutchala. Ankapukuta masipoko, kuyerekeza matcheni, ndi kunyoza njinga zatsopano zimene achinyamata ankadutsa nazo.

"Taonani iyo," ankatero a Macheka. "Yopepuka ngati chitini cha mkaka. Ikangogunda mwala kamodzi, mwini wake akaitolera m'thumba."

Akuluakulu amenewa anali ndi lamulo limodzi losanenedwa: njinga ya mnzako umaiyamikira ndi maso. Suikwera, sufinya mabuleki ake. Lamulo limeneli ndi limene linabisa chinthu chimene chikanatiphera mwana.

Chinthucho chinayamba pamene macheka anawadya zala ziwiri za dzanja lamanja, chamkombaphala ndi chapakati. Chilonda chinapola, koma dzanjalo linasamukira m'thumba la buluku. Moni ankapereka ndi mutu. Pa zithunzi zonse za m'nyumba mwawo dzanja limenelo simungalione. Ine telala ndinaona kuti thumba lakumanja la mabuluku awo onse linkatha msanga, koma ndinkangolisoka osafunsa.

Mlongo wanga ankaganiza kuti za njinga zatha, ndipo mumtima anakondwa, chifukwa mtsetsewu ankauopa kuyambira tsiku limene anakwatiwa. Koma tsiku lina a Macheka anadzitsekera m'kashedi kawo ndi sipanala, natulukamo dzuwa litapendeka. M'mawa mwake anatsika mtsetse ngati kale, nakhota pa mlatho bwinobwino. Anzawo anawaombera m'manja. "Dzanja lachira!" Iwo anangomwetulira.

Dzanja silinachire. Chimene anachita m'kashedimo tinadzachidziwa patapita zaka. Njinga zathu zonse, dzanja lamanzere limafinya buleki ya kumbuyo, lamanja ya kutsogolo. Ya kumbuyo ndi yofatsa, ungaifinye ndi mphamvu zako zonse, tayala limangokhwekhwereza. Ya kutsogolo ndiyo imaimitsadi njinga, koma ndi yaukali. Imafuna dzanja lathunthu lodziwa kunyengerera, chifukwa ukaifinya mwadzidzidzi uli pa liwiro, njinga imaima, iwe n'kupitirira. A Macheka, poona kuti zala zotsalazo sizingaikwanitse, anasinthanitsa mawaya. Buleki yaukali ija inapita kumanzere. Kunena zimenezi kukanakhala kuvomera kuti dzanja lawo ndi lopunduka, choncho sanauze munthu, ngakhale mkazi wawo. Wina akapempha kubwereka njingayo ankangoti, "Iyi ayi. Ndi yansanje, imagwetsa mlendo."

"Ndiye ndi mkazi mnzanga ameneyu," anatero mlongo wanga. "Mafuta amadzola ndi iyeyo, ine miyendo ili mbuu." Anaipatsa dzina loti Nansanje, ndipo tonse tinkaseka. Mawu akuti imagwetsa mlendo tinkawamva ngati nthabwala chabe.

Mwana anali naye mmodzi, wamkazi, amene tinkamutcha Kamphepo. A Macheka anamuphunzitsa kupalasa ali kamwana, ngozi ya zala isanachitike, iwo akuthamanga pambuyo pake n'kumafuula, "Kumanja! Kumanzere! Kumanja, iwe!" Mwanayo anazolowera kumvera mawu amenewo asanaganize. Atakula pang'ono anamuphunzitsa mtsetse, mwanayo ali pa kanjinga kakekake. Ndinkawamva ndili pa makina.

"Usaope liwiro. Ukayamba kugwira buleki kumtunda, mphira imatentha, pofika pa mlatho ulibe kanthu. Isiye ithamange. Ukafika pa pholo loyera lija, finya ndi lamanzere, mwamphamvu, usalinyengerere. Wamva?"

"Ndamva, ababa."

Anamvadi. Anakula akutsika chomwecho, ndipo atayamba ntchito pa sitolo ya mankhwala kumunsi, kumene makiyi ankasunga ndi iye, anadzigulira njinga yatsopano yonyezimira, ya mabuleki oyendera mafuta. Bambo ake ankaizungulira akupukusa mutu.

"Buleki yomwa mafuta ngati mwana wodwala? Tsiku lina idzakomoka."

"Yanuyo ndiye yamoyo, ababa? Ikamadutsa agalu amalira."

"Amapereka ulemu."

Tsiku linafikadi loti mafutawo anadontha, ndipo kachipangizo kake kanasowa m'masitolo onse. Njinga yonyezimira ija inatsamira khoma, Kamphepo n'kumayenda pansi. Masiku omwewo a Macheka anakachotsedwa ng'ala m'diso limodzi. Anabwerako diso lomatidwa ndi thonje, linalo nalonso linali ndi chifunga chake, loona zinthu ngati mithunzi. Adokotala anawaletsa kupalasa, kuwerama, ngakhale kunyamula ndowa. Nansanje inakhala m'kashedi.

M'mawa wina, mvula itagwa dzulo lake n'kukokololera timiyala pamsewu, mlongo wanga anawatsitsa atawagwira mkono, nawasiya pakhonde panga.

"Achimwene, ndisungireni munthu wanuyu ndipite kumsika. Kunyumba akungozungulira ngati nkhuku yofuna kuikira."

"Nanga Kamphepo?" ndinafunsa.

"Wagonereza. Ndamusiya akusamba, akudandaula kuti achedwa ndi makiyi."

Anatsika, ife n'kutsala. Ndinawapatsa mpando, ndinayamba kupinda buluku la munthu, tikucheza za mawondo anga. Kunali bata, mphepo ikuchokera kumtunda. Kenako a Macheka anadula mawu pakati, natembenuza khutu.

"Taimitsani makinawo, alamu."

Ndinaimitsa. Kutali kumtunda kunamveka mbuzi, kenako kachiphokoso kaja kokhosomola. Belu long'aluka.

"Ndi Nansanje," anatero motsitsa mawu. "Alamu, maso muli nawo ndi inu. Wakwera ndani?"

Ndinatchinga dzuwa ndi dzanja. Pa msewu wozungulira phiri uja panali kachinthu kakang'ono kakuyenda, ndi malaya oyera a kuntchito, chikwama kumsana.

"Ndi mwana wanu," ndinaseka. "Lero mlendo wamukwera mkazi wachiwiri."

Sanaseke. Anaimirira, mpando n'kugwa chagada. Nkhope yawo inachita phulusa. Anandigwira mkono ndi dzanja lamanja, dzanja lija lobisika, ndipo ndinamva zala zitatu zikundiboola mnofu.

"Mabuleki ndi osinthanitsa. Ndinasintha ine. Kumanzere kuli ya kutsogolo."

Poyamba sindinamve. Kenako mawu aja a kale anabwera okha m'mutu mwanga: ukafika pa pholo loyera, finya ndi lamanzere, usalinyengerere. Ndinayang'ana pholo lija, timiyala tili mbwee m'munsi mwake, ndi kamwa la phompho kuseri kwake.

"Sanagwirepo buleki kumtundako?" ndinafunsa. "Mwina waona kale."

"Agwirenji poti n'pathyathyathya? Ndinamuletsa ndine! Ali pati?"

"Akuyandikira thanki."

A Macheka anatsika masitepe a khonde akupapasa mpweya, napunthwa, nadzuka, nathamangira pakati pa msewu atatambasula manja. Ine ndinatsatira ndi mawondo angawa, ndikufuula kuti tiimike mwanayo. Koma atangofika pakatipo anaima ngati aponda moto.

"Ayi! Ndichotseni! Ndichotseni pamsewu, alamu! Akandiona agwira buleki!"

Ndinawakokera m'mphepete, mbali ya nyumba yanga. Zinali zoona. Chilichonse chimene munthu amachita pofuna kuimitsa mwana wake chikanamupha. Kukweza dzanja, agwira buleki. Kufuula kuti ima, agwira buleki. Kutchula liwu lokhalo loti buleki, dzanja lamanzere lifinya lokha. Tinaima anthu awiri akuluakulu, wina wosaona, wina wosathamanga, tikuopa ngakhale mithunzi yathu.

"Ali pati?"

"Wabisika ndi mitengo."

"Mwina waima. Mwina tcheni chagwa." Anadziyankha okha ndi mawu osweka: "Sichigwa. Ndinachimanga bwino."

Kwa nthawi yoyamba ndinamva munthu akudandaula kuti njinga yake ndi yolimba.

"Watulukira pa thanki," ndinatero. "Wasiya kupalasa. Wawerama."

Tsopano phokoso linayamba kumveka, lija la matayala onenepa akamadya msewu, kung'ung'udza kokulirakulira. Kamphepo ankatsika monga anaphunzitsidwira, mutu pansi, zigongono kunja, malaya akuphaphalika. Ndinkaona zala zake za kumanzere zitagona kale pa kachitsulo ka buleki, zikudikira pholo.

"Ndimuuze chiyani?" a Macheka ankanong'ona. "Liwu limodzi. Sangamve awiri. Ndimuuze chiyani, alamu?"

Kenako anandipatsa mkono wawo.

"Akafika pa mpanda wanu mundifinye."

Sindidziwa kuti mphindi imeneyo inatalika bwanji. Ndikukumbuka kuti ndinaona nkhuku ikuwoloka msewu kumunsi, ndipo ndinaipempherera kuti ifulumire. Ndikukumbuka thonje la padiso pawo litanyowa. Mwanayo anakula m'maso mwanga, nkhope inayamba kuoneka, ndipo anatiwona, namwetulira kumwetulira kwa munthu wogwidwa akuba shuga. Ndinafinya mkono wa bambo ake.

"Lamanja!" anakuwa a Macheka, ndi mawu amene sindinawamvepo m'chifuwa chawo. "Lamanjaaa!"

Ankanena dzanja. Ankatanthauza kuti afinye ndi dzanja lamanja, kumene kunali buleki yofatsa. Koma mphepo inali m'makutu mwa mwanayo, ndipo liwu limene analizolowera kuchokera kwa bambo ake pamsewu linali lina. Anadutsa pamaso pathu ngati mwala wa legeni. Ndinaona thupi lake likupendekeka, njinga ikugona cham'mbali, tayala la kumbuyo likumwaza timiyala. Sanapite ku pholo. Anakhotera kumanja, m'kanjira ka kumacheka, pa liwiro limene munthu wanzeru sangakhotere. Chitsulo chinalira pa mwala, Nansanje inadumpha, inatera, n'kukwera kachitunda kaja mpaka kubisika kuseri kwa milu ya matabwa.

Kenako tinamva khu! Ndipo macheka amene ankalira kumeneko anazima.

"Wawoloka?" anafunsa a Macheka. "Sindinamve mlatho. Alamu, sindinamve mlatho!"

"Sanapite ku mlatho. Walowa kwanu, kumakina."

"Kukatani?"

Ndinawagwira dzanja tinayamba kukwera kanjirako. Sindinayendepo ulendo wautali ngati umenewo. Kumtundako kunali zii. Munthu akavulala pamamveka phokoso, anthu amathamanga, amaitanizana. Bata ndi limene limaopsa. A Macheka ankapuma ngati mvukuto, akufunsa pa phazi lililonse.

"Mukuona chiyani?"

"Matabwa."

"Tsopano?"

"Nsapato yake." Inali pakati pa njira, yagada.

Anaima. "Pitani inu," anatero. "Mukandiuze." Koma dzanja langa sanalisiye, choncho tinapitirira limodzi.

Titazungulira mulu wotsiriza ndinaona njinga itagona, tayala la kutsogolo litaima, la kumbuyo likuzungulirabe lokha. Amuna a pamakina anali ataima mozungulira phiri la utuchi, manja ali lende. Pakati pa utuchiwo panali malaya oyera. Sankagwedezeka.

"Mukuona chiyani, alamu?"

Ndinatsegula pakamwa, koma mawu asanatuluke malaya aja anakhosomola. Anakhosomolanso, nalavula utuchi, kenako kunamveka kubuula.

"Mayo, phewa langa... Musandigwire, musandigwire!"

A Macheka anandisiya, nalunjika kumene kunachokera mawuwo, akugwa ndi kudzuka mu utuchi. Kachitunda kaja kanali katadya liwiro lambiri. Pofika pabwalo la makina mwanayo anafinya ndi lamanzere monga mwa chizolowezi, Nansanje inaima chiriri, iye n'kuuluka pamwamba pa handulo kukagwera pa mulu wofewa. Fupa la paphewa linathyoka, chipumi chinang'ambika. Zikanachitikira pa pholo paja, pa liwiro lonse, akanauluka chimodzimodzi, koma kotera kukanakhala kwina.

Bambo ake anagwada pambali pake, kuiwala za adokotala. Pamaso pa amuna onse aja, ena mwa iwo amene analipo tsiku limene macheka anawadya, anatulutsa dzanja lamanja n'kuyamba kupapasa nkhope ya mwana wawo ndi zala zitatu, kuchotsa utuchi m'maso, m'makutu, m'tsitsi.

"Ababa," anatero Kamphepo akulira, "njinga yanuyi ndi yamisala. Yandiponya dala."

"Unakhoteranji kuno?"

"Si munati kumanja?"

"Ndinati lamanja."

"Lamanja chiyani?"

A Macheka anakweza dzanja lija m'mwamba, kuti aliyense alione.

"Ili," anatero. "Silinachire. Silinachirepo."

Mlongo wanga anatipeza kuchipatala dengu lili kumutu. Atamva zonse sanakuwe. Anatula dengulo, nayang'ana mwamuna wake.

"Nsanje yake inali imeneyi?" anafunsa. "Zaka zonsezi ine ndikuseka?"

Anakhala masiku osawayankhula. Chakudya ankangowaikira patebulo. Ndipo diso lija, chifukwa cha kugwa ndi utuchi, silinaonenso bwino monga adokotala ankayembekezera.

Anzawo a Loweruka anabwera kudzaiona Nansanje ngati odzazonda wodwala. Anaizungulira, anaigogoda, anayang'ana mafoloko ogwira tayala la kutsogolo. Sipoko ngakhale imodzi sinathyoke, handulo yokha ndiyo inapotoka pang'ono. Dalaivala wopuma uja anayamba kunena kuti ikanakhala ya masiku ano bwenzi itapindika ngati waya, koma ataona nkhope ya a Macheka anameza mawu ake. Mkulu wa kubutchala anati angobwezera mawaya m'malo mwake. A Macheka anakana. Anati akatero ndiye kuti iwo sadzatsikanso mtsetse. M'malo mwake anabwera kwa ine kudzapempha kansalu kofiira, ndipo ndinawasokera kachikwama kovala pa kachitsulo ka kumanzere. Kuyambira pamenepo aliyense woima pafupi ndi njingayo, ngakhale wongofunsa njira, ankauzidwa.

"Chofiirachi ndi cha kutsogolo. Ndinasintha chifukwa cha dzanja ili. Gwirani muone." Lamulo lija la kuyamikira ndi maso linathera pomwepo. Thumba lakumanja la mabuluku awo linasiya kubwera kwa ine.

A Macheka anatisiya zaka zingapo zapitazo, atadwala pang'ono chabe. Njinga yonyezimira ija inapita kalekale, sindidziwa kuti inathera kuti. Nansanje ilipo. Amaikwera ndi Kamphepo, amene tsopano ndi mayi wa ana ake, ndipo Loweruka amakakhala pansi pa mtengo uja ndi achinyamata amene ayamba kusakasaka njinga zachitsulo m'mashedi a makolo awo. Ndinamupempha, monga malume wake, kuti abwezere mawaya aja, popeza iye zala ali nazo zonse. Anati manja ake anaphunzira kale za bambo ake, kubwezera ndiye kungamugwetse. Kansalu kofiira ndimasintha ndine kakasuluka.

M'mawa ndimamva belu lokhosomola kumtunda. Ndimadziwa kuti za mabuleki aja akuzidziwa. Ndimadziwa kuti palibe munthu pa mtsetse uno woidziwa njinga imeneyo kuposa iye. Komabe akamadutsa pa mpanda wanga, mutu pansi, ine ndimayang'ana zala zake za kumanzere, ndipo phazi limakhala litaima pa makina. Silibwereranso kufikira matabwa a mlatho atagunda.